Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mzinda wa Chipata: mlimi wa m'saka nayenso muzimuwerengera

Olemekezeka a Meya, makhansala athu, ndi inu akuluakulu oona za ulimi ndi za umoyo m'boma la Chipata,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine mayi wa ku Kapata, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo pakhomo ndikulera adzukulu atatu. Kalatayi ndailemba poyera kuti anzanga a ku Mchini, ku Nabvutika ndi ku Magazine aiwerengenso, popeza nkhani yake ndi yathu tonse. Ndi nkhani ya ndiwo zimene timalima m'masaka, m'ndowa zobooka, m'matayala otha ndi m'timabedi ta kuseri kwa nyumba. Mwana wosalira adafera m'mbereko, ndiye ndati ndilire muli pafupi.

Pakhomo panga palibe munda. Pakati pa khitchini ndi mpanda pali kamalo koti mungayalepo mphasa zitatu basi, ndipo dothi lake ndi katondo wouma gwa, woti mu Okutobala khasu limangonjanja. Pamenepo ndinaimika masaka 6, aja a makilogalamu 50 amene munali chakudya cha nkhuku. Pakati pa saka ndimaikapo chitini chobooledwa uku ndi uku, n'kuchidzaza timiyala, m'mbali mwake n'kuthira dothi losakaniza ndi manyowa. Kenako ndimachikoka chitinicho kuti chikwere, n'kuthiramonso miyala, dothi m'mbali, mpaka saka litadzaza. Zikatero pakati pamatsala mzati wa miyala yokhayokha, ndipo madzi mukathira pamwamba amatsetsereka m'miyalamo mpaka kukanyowetsa pansi penipeni. M'mbali mwa saka ndimacheka timabowo ndi mpeni, motalikirana ngati chikhatho ndi theka, n'kuwokeramo mbande. Saka limodzi limasenza mbande za repu zokwana 20, pamalo pamene mukanadzala pansi zikanakwana zinayi kapena zisanu.

M'mawa dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri, mdzukulu wanga wamkulu amatuluka ndi kambale kukathyola. Ndinamuphunzitsa kuti athyole masamba apansi okha, awiri pa tsinde lililonse, mtima ausiye. Lero athyola saka ili, mawa lija, ndipo pofika pa saka lomaliza loyamba lija limakhala litaphukanso biriwiri. Atatero amasinja nsinjiro, ndipo masana mphika wa ndiwo zotendera umakhala uli pamoto. Izi ndiye zimene ndikufuna muzione ndi maso a utsogoleri, chifukwa m'mabuku a ofesi ulimi uwu mulibe.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zowawa. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka, koma ife tinali titaona kale chimanga chikufota chisanamasule ngayaye. Achibale akumudzi amene amatitumizira thumba la chimanga ndi mtedza akakolola, chaka chimenecho ndi iwo amene anabwera kudzapempha. Ufa unakwera mtengo, mabanja ambiri anayamba kugula pamela, kaufa ka m'kapulasitiki kokwanira tsiku limodzi, ndipo kandalama kamene kanali ka ndiwo kanathera ku ufa. Ndinaona ndi maso anga ana a pakhomo loyandikana nafe akudyera nsima madzi a mchere. Kwathu nsima inachepa ngati kwa wina aliyense, koma ndiwo sizinasowe tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo zotsala ndinkapatsako makomo awiri. Mtolo wa repu wa K5 umaoneka ngati si kanthu. Koma banja la anthu 6 limafuna iwiri patsiku, ndipo mukawerengetsa pamwezi ndi K300. Kwa mayi wochapira anthu zovala kapena bambo wopalasa njinga ya hayala, K300 ndi gawo lalikulu la lendi.

Chigawo chathu cha Kum'mawa chimatchuka ndi ulimi. Chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya zimachoka kuno kupita kudyetsa ndi kulemeretsa madera ena. Komabe kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ine ana otere sindinawawerenge m'lipoti, ndinawaphunzitsa. Mwana wa zaka 9 wooneka ngati wa zaka 6, wogona pa desiki nthawi ya 10 koloko isanakwane, tsitsi lofiirira lothothoka. Ambiri a iwo nsima ankadya. Chimene chinkasowa ndi chodyera nsimayo. Thandizo la FISP, lija la boma la feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, limayang'ana mlimi wa munda, wa m'kopaletivi, ndipo maso ake ali pa chimanga. Sindikutsutsa zimenezo, nsima ndi moyo wathu. Koma Chipata anakhala mzinda mu 2017, anthu akuchulukirachulukira m'makomboni, ndipo ambiri a iwo munda sadzakhalanso nawo. Dimba lawo ndi ndowa yobooka ya pakhonde.

Vuto lathu lalikulu ndi dothi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa yankho lake lili m'manja mwanu.

Munthu wobzala pansi, mizu ya mbewu zake imayenda kukafuna chakudya kutali. Wobzala m'saka alibe mwayi umenewo. Chimene mwaika m'sakamo ndicho chonse chimene mbewu idzadye. Mukaikamo katondo wathu yekha, ukanyowa umamatana ngati dongo loumbira mbiya, ukauma umang'aluka, mizu imabanika. Pamafunika manyowa opsa bwino, pafupifupi ndowa imodzi pa ndowa ziwiri zilizonse za dothi, ndi kamchenga pang'ono kuti madzi azidutsa. Nanga wa m'komboni manyowa awapeza kuti? Khola la ng'ombe alibe. Amene ali ndi kangachepe amagula dothi lakuda kwa anyamata a mawilibala, ndipo anyamatawo amakalikumba m'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje ngati Lunkhwakwa, n'kusiya maenje amene mvula ikabwera amasanduka zigwembe. Ena amathamangira zitosi za nkhuku. Ine chaka choyamba ndinapatsidwa thumba la zitosi zaziwisi zosakanikirana ndi utuchi, ndinazithira m'masaka tsiku lomwelo, n'kuwokera mbande. Patapita masiku anayi masamba anayamba kupsa m'mphepete, sabata isanathe mbande zonse zinagona. Ndinataya mwezi wathunthu wa nazale. Mayi wina wa kudimba ndiye anandiuza kuti zitosi zaziwisi ndi moto, ziyenera kuunjikidwa ndi kuthiridwa madzi mpaka zitazizira ndi kusiya kununkha.

Tsono pitani pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market madzulo anthu akamaweruka. Mudzaona milu ya masamba akunja a kabichi, tomato wophwanyika, makoko a nthochi, a nzimbe, a chimanga chachiwisi, zotsala za mbatata ndi maungu. Zonsezi zimasesedwa pamodzi ndi mapulasitiki ndi mabotolo, n'kudikira galimoto yoti izitengere kudzala, ndipo galimotoyo imamwa dizilo wogulidwa ndi ndalama za mzinda. Mtima umandipweteka ndikamadutsa pamenepo, chifukwa chimene chikutayidwacho ndi chomwecho chimene ife tikusowa. Ndi chonde cha m'madimba a kumidzi chimene chabwera m'tauni pa njinga, ndipo ife tikuchikwirira pamalo pamene sichidzadyetsa munthu.

Kupanga kompositi si ntchito ya makina. Mumayala zouma pansi, monga mapesi kapena udzu, pamwamba pake zaziwisi za kumsika, kenako ndowe kapena zitosi pang'ono, n'kuwaza phulusa ndi kadothi, n'kuthira madzi oti mulu unyowe koma usachite kudontha. Mumabwereza mpaka mulu ufike m'chiuno kapena pachifuwa, n'kuufunditsa. Pakati mumazikapo ndodo. Mukaizula patapita masiku ochepa n'kupeza kuti ndi yotentha, ndiye kuti mulu ukupsa, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Mumautembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu alionse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumapeza manyowa akuda bii, ofumbutuka m'manja, onunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango mvula itangogwa. Ine ndimachita zimenezi pakona pa mpanda ndi zinyalala za pakhomo limodzi, ndipo zimandikwanira masaka awiri okha. Zinyalala za msika umodzi zingadzaze masaka a komboni yonse.

Pempho langa loyamba ndi limeneli. Pa msika uliwonse waukulu ikani migolo iwiri yosiyana, wina wa zowola, wina wa mapulasitiki. Patulani kamalo ka khonsolo chapatali pang'ono ndi ogulitsa zakudya, mupatse gulu la achinyamata mafosholo, mawilibala, nsapato za jombo ndi magolovesi, aziunjika milu. Oweta nkhuku ambiri m'tauni muno amasowa kotaya zitosi, ndipo angakondwe wina atamabwera kudzazitenga. Manyowa akapsa azigulitsidwa pa ndowa pamtengo woti mayi wamasiye angakwanitse. Achinyamatawo apeza ntchito, galimoto ya zinyalala ichepetsa maulendo, ntchentche zichepa pamsika, ndipo m'mbali mwa mitsinje musiya kukumbidwa. Ndalama za CDF, zija boma limapereka za chitukuko cha m'madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Taona makalasi ndi madesiki kuchokera ku ndalamazi, ndipo tikuthokoza. Zimene ndikupemphazi mtengo wake sungafike ngakhale pa wa kalasi imodzi. Inu makhansala, nkhaniyi ikafika ku makomiti a chitukuko a m'mawodi, musaikankhire kumapeto kwa pepala chifukwa choti ilibe riboni yodula.

Za madzi ndilankhule moona mtima, popeza ndikudziwa kuti ena mwa inu mukaona dimba m'tauni mumayamba kuganiza za mpopi. Madzi a mumzinda uno amachokera ku madamu a Lutembwe, amayeretsedwa ndi ndalama zambiri, ndipo m'miyezi yotentha amachepa. Munthu wothirira kapinga ndi paipi masana onse pamene anzake akumtunda mpopi uli gwa, ameneyo mukamudzudzula ine ndidzakhala kumbali yanu. Koma saka silimwa choncho. M'nyengo yozizira chigubu chimodzi cha malita 20 chimandikwanira masaka onse 6 patsiku, mu Okutobala ndimafuna ziwiri. Theka la madziwo ndi ogwiritsa kale ntchito: otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale komaliza, osamba m'manja tisanadye. Pamwamba pa saka ndimaphimbira ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza kuti dzuwa lisamwe chinyezi, ndipo ndimathirira madzulo kapena m'mamawa.

Apa ndi pamene tikufunira a zaumoyo. Si madzi onse otsala amene ayenera kupita ku ndiwo. Madzi ochapira matewera, madzi a Jik, madzi a sopo wambiri, ndiponso madzi a m'ngalande zodutsa pafupi ndi zimbudzi, amenewa ayi. Koma ndani anawauzapo anthu? Tonse tikukumbukira kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024, imene inachititsa kuti sukulu zisatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. Mayi amene mpopi wauma kwa masiku atatu, mbande zake zikufota, adzatunga m'ngalande ngati palibe wamuuza kuopsa kwake ndi kumusonyeza njira ina. Kuletsa madimba sikungathetse zimenezi, anthu azidzangolima mobisa. Amayi amasonkhana kale ku sikelo ya ana mwezi ndi mwezi. Pakhale saka limodzi la chitsanzo pabwalo la kiliniki iliyonse, ndipo pophunzitsa za kasamalidwe ka mwana awonjezerepo mphindi zochepa za madzi oyenera kuthirira ndi katsukidwe ka ndiwo.

Mvula nayonso timangoionerera. Kuno chaka chabwino imagwa pafupifupi mamilimita 1,000, ndipo milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la kalasi imodzi limataya malita zikwizikwi, amene amathamanga kutsika m'mapiri athuwa n'kumakakumba misewu ya m'makomboni. Sindikunamizeni kuti mgolo wa malita 200 wa pakhomo ungafikitse munthu mu Sepitembala, umatha m'sabata imodzi. Koma mathanki aakulu pa sukulu, pa misika ndi pa makiliniki angasunge dimba la chitsanzo ndi nazale ya mbande kwa miyezi ingapo mvula itasiya.

Tsopano ndinene chimene chinandikakamiza kugwira cholembera. Mtsikana wina wapafupi nane, mayi wa ana awiri, anaona masaka anga n'kuyamba ake atatu. Repu wake anakula bwino kuposa wanga. Kutayamba kutentha nsabwe zinagwa, zija zotuwa zimene zimaunjikana kunsi kwa tsamba mpaka tsambalo kukwinyika. Iye anapita kwa munthu wina wogulitsa, amene anamuthirira mankhwala m'kabotolo ka zakumwa, kopanda chizindikiro chilichonse, n'kumuuza kuti chivindikiro chimodzi pa ndowa. Anapopera Lachitatu madzulo pogwiritsa ntchito tsache. Lachisanu anathyola n'kuphika. Usiku umenewo anagogoda pachitseko panga ali ndi mwana kumsana, winayo akumukoka padzanja, onse akusanza, wamng'onoyo dovu lili chuchuchu. Tinathamangira nawo kuchipatala ndipo Mulungu anatichitira chifundo, anachira. Pambuyo pake tinadzazindikira kuti anali mankhwala opopera thonje. M'mawa mwake mtsikanayo anazula repu yense n'kutaya dothi, ndipo mpaka lero sanabzalenso.

Mtsikanayu sanali wopusa kapena wosasamala. Ankafuna kupulumutsa ndiwo za ana ake, ndipo panalibe woti amufunse. Pa botolo lenileni la mankhwala pamalembedwa mlingo wake, mbewu zimene mankhwalawo amaloledwa, ndi masiku oyenera kudikira musanathyole. Mankhwala akathiridwa m'kabotolo kena, mawu onsewo amatsala kwa wogulitsa. Dziko lino lili ndi bungwe la ZEMA loyang'anira za mankhwala otere, ndipo inu muli ndi oyendera misika ndi masitolo. Gwirizanani kuti kugulitsa mankhwala a mbewu m'mabotolo opanda zolemba kuthe. M'chigawo cholima thonje ngati chathu, mankhwala otsala m'nyumba ndi ambiri, ndipo njira yake yofikira mumphika ndi yaifupi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa masaka atatu mankhwala a m'sitolo safunika n'komwe. Nsabwe mukaziona msanga mumazifikisa ndi chala, kapena kuzitsuka ndi madzi a kasopo pang'ono. Masamba a nimu osinja n'kuviika usiku wonse, kapena tsabola ndi adyo, amathandiza mukamapopera kunsi kwa masamba kawirikawiri. Mbozi mumatola ndi manja m'mawa. Pali zina zovuta kwambiri, monga kambozi kolowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso cha tomato, kaja akatswiri amati Tuta absoluta, kamene kanafika m'dziko muno mu 2016, kapena akangaude ofiira a nyengo yotentha. Palinso nzeru yakuti dothi limene munali tomato musabwezeremo tomato, impwa kapena tsabola, chifukwa ndi mbewu za banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda, makamaka aja otupitsa mizu timfundotimfundo. Ine zimenezi ndinazitola apa ndi apo, zina kwa amayi a kudimba, zina nditataya kaye mbewu. Koma kufupi ndi mzinda uno kuli malo ofufuzira za ulimi a Msekera, kumene akatswiri akhala akuyesa mbewu kwa zaka zambiri, ndiponso kumene m'zaka za m'ma 1990 anayesa mitengo yobwezeretsa chonde monga jerejere ndi gliricidia. Nzeru zilipo, ndipo zili pamtunda woti munthu angapalase njinga. Chikusowa ndi mlangizi woti azitengere ku Mchini. Alangizi a zaulimi amagawidwa m'makampu a kumidzi, ndipo m'pomveka. Ndikupempha kuti mmodzi kapena awiri apatsidwe makomboni a m'tauni ngati dera lawo, akhale ndi tsiku lodziwika pa sukulu kapena pa tchalitchi, loti mayi angabwere ndi tsamba lodwala m'manja n'kufunsa. Pa wailesi ngati Breeze FM ndi Radio Maria, zimene zimamveka m'khitchini iliyonse, mphindi 15 pa sabata m'Chinyanja zingafike kutali.

Chinthu china sichifuna ngakhale ngwee imodzi, chimangofuna mawu anu. Anthu ambiri a lendi amaopa kubzala chifukwa eni nyumba amawauza kuti malamulo a mzinda saloleza, kuti ndiwo zimaitana udzudzu. Mnzanga wina wa ku Nabvutika anauzidwa kuti achotse matayala ake anayi a anyezi pofika mawa lake, apo ayi asamuke. Anachotsa, popeza nyumba za lendi n'zosowa. Udzudzu umaswana m'madzi oima. Tayala lotayidwa kuseri kwa nyumba lili ndi madzi a mvula ndiye nyumba ya udzudzu, koma tayala lomwelo lodzazidwa dothi, madzi akumatuluka pansi, mulibe moti udzudzu ungaikire mazira. Malungo ndi mdani wathu weniweni kuno, ndipo ndi chifukwa chake tiyenera kuloza pamalo oyenera. Nenani poyera, pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'mawodi, zimene zili zololedwa ndi zimene zili zoletsedwa. Ngati simufuna chimanga m'mbali mwa msewu kapena pansi pa mawaya a magetsi, nenani choncho, tidzamvera. Koma nenaninso kuti ndiwo za m'saka, m'ndowa ndi pabedi laling'ono m'kati mwa poloti ndi zololedwa, kuti pasapezeke wobisala kumbuyo kwa dzina lanu.

Za mbewu ndingonena mwachidule. Timapaketi tina togulitsidwa padzuwa m'mbali mwa msewu sitimera, ndipo oyendera malonda aziyang'anako masiku olembedwapo. Koma mtima wanga uli pa mbewu zathu za makolo. Repu ndi chayinizi zimakonda kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukatentha zimalefuka ndi kugwidwa nsabwe. Nthawi yomweyo bonongwe amasangalala, luni ndi therere chimodzimodzi, kholowa amayanga kuchokera m'saka n'kuphimba khoma, nkhwani umakwera mpanda wokha. Mbewu zimenezi njere zake timasunga tokha, sizifuna sitolo, ndipo zikachuluka timafutsa, mfutso n'kudikira nawo miyezi yovuta. Ana a m'tauni ayamba kuziona ngati ndiwo za osauka. Pa chionetsero cha zaulimi cha chigawo chino pakhale malo a alimi a m'masaka, pamene amayi angasinthanepo njere za luni ndi bonongwe, ndipo mlendo wolemekezeka aimepo nthawi yofanana ndi imene amaima pa mathirakitala.

Mayi wina amene ndimagulako tomato anandifunsa tsiku lina kuti, "Amayi, nonse mukamalima, ife tigulitsa kwa ndani?" Funso limeneli ndinaliganizira kwambiri, popeza amayi a kudimba amadzuka usiku, amapalasa njinga kapena kusenza dengu mitunda yaitali, ndipo ana awo amaphunzira ndi ndalama ya mitolo yomweyo. Ndinamuyankha kuti masaka 6 sangandipatse kabichi, tomato wa chaka chonse kapena anyezi wokwanira, ndipo kwa iye ndimapitabe. Makomo amene saka limawapulumutsa ndi aja amene masiku ena sagula n'komwe. Komanso wolima m'saka amafuna mbande 20 kapena 40 zokha, nazale yonse imamuchulukira. Amene amadziwa kufesa nazale yabwino ndi amayi a kudimba omwewo. Lero mayi uja amabwera ndi timitolo ta mbande tokulunga m'tsamba la nthochi lonyowa, ndipo timatha msanga kuposa ndiwo zake. Muwapatse malo a mthunzi pamsika, pafupi ndi pogulitsira manyowa paja.

Sukulu musaziiwale. Ine ndinali mwana wa sukulu pamene a Kaunda analamula mu 1975 kuti sukulu iliyonse ikhale ndi gawo lolima ndi kupanga zinthu, ndipo bedi loyamba m'moyo wanga ndinalikonza kumeneko, ndi chingwe ndi zikhomo. Ndikudziwa kuti m'malo ena zinaipa, ana ankalima ngati chilango ndipo zokolola sankaziona kumene zapita. Zimenezo zisabwerere. Koma kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere, makalasi adzaza, ndipo pafupifupi khomo lililonse la m'komboni lili ndi mwana pa sukulu. Kalasi iliyonse itakhala ndi masaka ake awiri, ana n'kumadya okha zimene alima, luso limeneli lingalowe m'makomo onse a mzinda uno pasanathe zaka ziwiri. Mdzukulu wanga wa giredi 5 waphunzitsa kale anzake atatu kuika mzati wa miyala m'saka, popanda womutuma.

Mvula ikupita kumapeto tsopano, ndipo udzu ndi mapesi oyalira pansi pa mulu zili paliponse. Mulu woyamba wa kumsika utaunjikidwa mu Epulo, manyowa angapse mu Juni, repu akadali pa nyengo yake. Ife amayi a ku Kapata amene timalima m'masaka tilipo 11, timakumana Loweruka masana tikamaliza zochapa, ndipo takonzeka kuphunzitsa achinyamata oyamba kuunjika ndi kutembenuza mulu popanda malipiro. A khansala a wodi yathu akafunsa pamsika za amayi a masaka, adzawalozera pakhomo pamene timakumana, ndipo adzapeza mpando ndi mbale ya bonongwe wotendera.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa ku Kapata, mphunzitsi wopuma ntchito